Moto wa chikuni: za kuchipinda mayi akasiya kusamba

Mwezi wa July ku Misuku kumazizira mpaka munthu kudana ndi madzi. Koma mayi amene ndinkathyola nawo khofi tsiku limenelo anavula juzi kawiri dzuwa lisanafike pamutu, akudzikupiza ndi nsonga ya chitenje, thukuta lili kamukamu. Ali ndi zaka 52, ana asanu ndi mmodzi ndi zidzukulu zinayi. Msambo anauona komaliza chaka ndi theka chapitacho. Anzathu atasenza madengu kutsetsereka nawo kopukusira, iwo anatsalira dala ngati akutola tikhofi togwa pansi. Kenaka anasiya Chisukwa chimene amayankhula tsiku lonse, n'kuyamba Chichewa chapansipansi.

"Mlamu, inu mumawerenga mabuku. Ine kuchipinda sindikufikanso. Kale ndinkafika, osati masiku onse, koma ndinkafika. Pano zimayamba ngati zikubwera, kenaka zii. Abambo akamaliza ine ndimangotsala ndi kuwawa. Ndiye kuti ndatha?"

Kusintha chiyankhulo kuja ndinakumvetsa. Ku Chitipa munthu mmodzi amatha kudziwa Chilambya, Chindali, Chinyiha ndi Chitumbuka, koma mawu otchulira ziwalo zobisika m'chiyankhulo chimene anayamwira amamveka ngati kutukwana. Chichewa cha pa wailesi ndi cha kuchipatala chimamupatsa pobisala. Nacho chili ndi manyazi ake: timati "njira ya abambo," ngati kuti mwini thupilo ndi wongosunga, ndipo pofuna kunena chisangalalo chachikulu chimene mkazi amamva pamapeto pa kugonana timangoti "kufika," "kumaliza" kapena "kufika pachimake." Tigwiritsa ntchito omwewo, popeza ndi amene tili nawo.

Choyamba, mayiwa sali okha. M'chaka cha 2008 ku America kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa PRESIDE, amene anafunsa amayi oposa 31,000. Mmodzi mwa asanu alionse anati amavutika kufika pachimake. Amene anati vutolo limawasowetsa mtendere anali ochepa, pafupifupi asanu pa 100 alionse, ndipo madandaulo a za kuchipinda anachuluka kwambiri mwa amayi a zaka 45 mpaka 64. Kusiyana kwa manambala awiriwa n'kofunika. Mayi amene safika koma mtima wake uli m'malo, alibe matenda oti wina amufunire mankhwala. Nkhani ili pa uyo zikumuwawa, kaya m'thupi, kaya mumtima, kaya m'banja. Kuno kwathu kafukufuku wamkulu wa zaumoyo, Malawi Demographic and Health Survey, amafunsa amayi a zaka 15 mpaka 49. Mayi wa ku Misuku uja anatuluka m'kaundula zaka zitatu zapitazo. Chipatala chimene chinkamudziwa bwino ku sikelo, ku chikuta ndi kolera, tsopano chimamuona akabwera ndi mdzukulu wodwala malungo.

Chimachitika n'chiyani m'thupimu? Bungwe la WHO limati amayi ambiri amasiya kusamba ali pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo timati munthu wasiyadi pakatha miyezi 12 osaona magazi. Zaka zingapo izi zisanachitike, mabasiketi a mazira amayamba kuchepetsa homoni yotchedwa esitirojeni, mokwera ndi motsika, n'chifukwa chake msambo umadumphadumpha, thupi limatentha mwadzidzidzi ndipo tulo timavuta. Homoni yomweyi ndi imene imasunga khungu la kumaliseche kuti likhale lochindikala, lotanuka ndi lachinyezi, komanso imathandiza kuti magazi azithamangira kumeneko mkazi akatenthedwa. Ikachepa, khungu limapyapyala, ukazi umachedwa kutsika ndipo umatsika pang'ono, njira imafupikirako n'kuchepa kutanuka. Kukhudza kumene kale kunkamveka msanga kumamveka ngati kwadzera pa nsalu. Ena amafikabe koma mochedwa, ndipo kugunda kwa minofu ya m'kati kumakhala kofooka ndi kwakufupi. Mu 2014 mabungwe awiri a madokotala ku America anagwirizana zoti kuuma, kuwotcha, kuwawa pogonana, kukodzakodza ndi matenda a m'chikhodzodzo obwerezabwereza azitengedwa ngati vuto limodzi, chifukwa gwero lake ndi limodzi. Kutentha thupi kumatha kokha pakapita zaka. Kuuma ayi, kumapitirira ngati palibe chochitapo.

Ndipo ululu ndi mdani wa kufika. Thupi limene likuyembekezera kuwawa limadzimanga lokha, minofu ya m'chiuno imakungika, maganizo amakhala pa kudikira kuti zithe liti. Palibe afika pachimake atalumana mano.

Koma kuloza chala mahomoni okha n'kunama. M'maukwati ambiri mng'alu unalipo kalekale, kusiya kusamba kwangochotsa dothi limene linaumata. Pamwamba pa njira ya mkodzo pali mkongo, kachiwalo kamene alangizi ena amakatcha kanyemba. Mu 1998 dokotala wa ku Melbourne, Helen O'Connell, anaonetsa kuti kamene timaona ndi kansonga chabe. Thupi lake lalikulu lili m'kati, mizu yake itatambalala masentimita angapo mbali zonse ziwiri za njira, ndipo limadzaza magazi n'kufufuma monga chimachitira chida cha mwamuna. Kwa amayi ambiri kufika kumachokera pamenepo. Debby Herbenick ndi anzake a ku Indiana University atafunsa amayi oposa 1,000 a ku America, ndi 18 okha pa 100 alionse amene anati kulowa kwa mwamuna pakokha kumawafikitsa. Pa utsikana, thupi lili ndi chinyezi chambiri ndi magazi othamanga, mkazi amatha kufika mwa apo ndi apo ngakhale mwamuna asakusamala za malowo. Pa zaka 50 mwayi wongogweramo woterewu umatha. Chimene chinkachitika mwangozi chimafuna kuchitidwa dala.

Apa m'pamene ndimakangana ndi ulangizi wathu. Kaya ndi kwa anankungwi a m'chigawo chapakati, kaya ndi kwa azakhali a kuno kumpoto, kaya ndi pa bridal shower ya amayi a mpingo, mwambo wa kuchipinda umene mtsikana amalandira ndi wa mmene angasangalatsire mwamuna: kuvala mikanda, kudikula, kumupukuta, kusamukaniza, kumuthokoza. Si zoipa zonse. Agogo athu sankaona za kuchipinda ngati zonyansa, ndipo ankaziphunzitsa mwaluso kuposa mabuku ambiri a azungu a nthawi imeneyo. Koma mnyamata amauzidwa chiyani? Kawirikawiri amaphunzira kwa anzake kudambwe kapena pa bawo, ndipo phunziro lake ndi la mphamvu ndi maulendo angati. Akafika zaka 55, mphamvu zija zikayamba kumuthawa, amatafuna gondolosi n'kumathamangira kumaliza chisanagwe. Mkazi akufuna nthawi yochuluka kuposa kale, mwamuna ali ndi nthawi yochepa kuposa kale. Mwamuna ndi moto wa mapesi, mkazi ndi moto wa chikuni umene umafuna kuupemerera modekha, ndipo aliyense akugona akuganiza kuti wolakwa ndi iye.

Pali mwambo wina umene pa msinkhu uwu umavulaza ndithu. M'Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe amayi ena amaika zitsamba, miyala yopera kapena nsalu kumaliseche, kapena kutsuka m'kati ndi madzi ozizira, kuti pakhale pouma ndi pothina, poti "wamadzi" amanyozedwa kuti ndi wozizira kapena woyendayenda. Mtsikana amene anakula akumva kuti chinyezi ndi chamanyazi, akadzauma pa zaka 50 sadziwa kuti wataya chinthu chofunika, ndipo ena amapitiriza kuumitsa pouma kale. Khungu lopyapyala limang'ambika, timabala timene sitioneka timatseguka, ndipo timeneti ndi khomo la kachilombo ka HIV ndi matenda ena. Chinyezi chija ndi chizindikiro choti thupi lakonzeka.

Kenaka pali chikhulupiriro choti mayi akasiya kusamba asiyenso kukhala malo amodzi ndi mwamuna, poti umuna sukhalanso ndi chokokolola ndipo udzatupitsa mimba. Mayi wa ku Misuku uja anachimva kwa apongozi awo. Sizoona. Umuna suunjikana m'chiberekero. Wambiri umatuluka wokha, wotsala thupi limausungunula, monga zimachitikira kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amenenso sasamba. Mimba imene imakula pa msinkhu uwu ndi mafuta amene amasamukira pamimba esitirojeni ikachepa, ndipo ikakhala yolimba kapena ikukula msanga ndi yofunika kuipima, chifukwa zotupa zilipo. Komabe maganizo oti za kuchipinda zili ndi nyengo yake ali ndi mizu yakuya kuno. Monica Wilson, amene anakhala pakati pa Anyakyusa tsidya la Songwe m'zaka za m'ma 1930, analemba m'buku lake la mu 1951, Good Company, za midzi imene anyamata ankamanga paokha kutali ndi ya makolo, pofuna kuti za kuchipinda za mibadwo iwiri zisasakanikirane. Andali ndi Asukwa ndi anansi a anthu amenewo. Mayi amene ali ndi mtengwa pakhomo ndi mdzukulu wogona kumiyendo kwake amamva mumtima kuti kufuna zimenezi n'kusadzilemekeza. Wina amalandira kupumako ndi manja awiri, ndipo ndi ufulu wake. Wina amafunabe, koma manyazi amamutsekera pakhosi, ndipo manyazi amazimitsa thupi msanga kuposa homoni iliyonse.

Kumpoto kuno, kumene ukwati ndi wa chuma cholowola ndipo mitala si yachilendo, pamabweranso mantha. Mayi akanena kuti zikumuwawa, akuopa kuti akupereka yekha chifukwa chobweretsera mkazi wachiwiri. Ndiye amapirira, ena mpaka kunamizira kuti afika kuti bambo agone mokondwa. Bodza lachikondili lili ndi mtengo wake: mwamuna amapitiriza kuchita zomwezo, poganiza kuti zikuyenda.

Tisaiwale kabuku ka kuchipatala. Zaka zomwezi ndi zimene shuga ndi BP zimatulukira. Shuga amawononga timitsempha ta magazi ndi ta kumva, ku mapazi ndi kumaliseche komwe, ndipo amabweretsa mauka obwerezabwereza. Mankhwala ena a matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, makamaka a gulu la fluoxetine, amadziwika bwino kuti amachedwetsa kapena kutsekereza kufika. Amitriptyline, amene amaperekedwanso pa ululu wa mitsempha, amatha kutero, ndiponso ena a BP amakayikiridwa. Yankho si kusiya kumwa mwakachetechete. Ndi kuwauza adokotala kuti chiyambireni mankhwala awa zinthu zasintha, chifukwa nthawi zambiri amatha kusintha mtundu kapena mlingo. Jakisoni wolera wa Depo, amene amayi ambiri m'dziko muno amadalira, amatsitsa esitirojeni ndipo amatha kuimitsa msambo, motero mayi wa zaka 47 angaume osadziwa ngati ndi jakisoni kapena msinkhu. Amene anachotsedwa mabasiketi onse awiri pa opaleshoni amagwera m'zonsezi tsiku limodzi, mwamphamvu. Chiyambireni ma ARV aulere mu 2004, amayi ambiri amene kale sakanafika zaka 50 akufika, ndipo akusiya kusamba ali pa mankhwala; iwonso ndi oyenera kufunsidwa za kuchipinda, osati za mapiritsi okha. Kuchembeza kambirimbiri kumafooketsa minofu ya m'chiuno, ena mkodzo umadontha pogonana kapena chiberekero chimatsika, ndipo munthu amene akuopa kunyowetsa mphasa sangamasuke. Pamwamba pa zonsezi ikani kutopa. Mayi amene wadzuka m'bandakucha, wakwera phiri ndi dengu la khofi, watunga madzi, waphikira anthu khumi, usiku wapitawo atadzuka katatu ndi thukuta, thupi lake likagunda mphasa limafuna chinthu chimodzi.

Nanga chithandizo? Chotchipa kwambiri ndicho chimagwira ntchito kwa ambiri: nthawi ndi mafuta oterera. Rosemary Basson wa ku Vancouver anafotokoza mu 2000 kuti kwa amayi ambiri, makamaka m'banja lokhalitsa, chilakolako sichiyamba chokha. Chimabwera pambuyo, thupi likayamba kukhudzidwa bwino m'malo amtendere. Mayi amene akudikira kuti amve njala ngati ya pa zaka 20 asanalole kuyamba, angadikire mpaka kalekale, n'kumadziona ngati wakufa pomwe ali bwinobwino. Kuseweretsana kwa nthawi yaitali, dzanja la mwamuna kapena la mwini wake pa mkongo, kusalowa mpaka thupi litayankha, kusankha kagonedwe kamene mkazi ndiye akuwongolera, ngakhale kusintha ola, m'mamawa thupi litapuma m'malo mwa usiku litatheratu, zonsezi n'zopanda mtengo wa ndalama. William Masters ndi Virginia Johnson, amene mu 1966 anafalitsa kafukufuku wawo wa mmene thupi limachitira pogonana, ankalangiza mabanja ovutika kuti kwa masiku angapo azingokhudzana osalowana n'komwe, kuti mantha a kulephera achoke. Akatswiri amapezanso kuti mayi amene waphunzira yekha kukhudza kumene thupi lake latsopanoli limamva, savutika kumulozera mwamuna. Ndikudziwa kuti ena a mpingo atukula nsidze pamenepa, koma mwini munda akapanda kudziwa pamene pali chinyontho, wolima naye adziwa bwanji?

Mafuta oterera opangidwa ndi madzi, monga K-Y Jelly, amagulitsidwa m'mafamase ndipo m'zipatala zina amaperekedwa pamodzi ndi makondomu. Vaseline ndi mafuta ophikira, amene ali pafupi m'nyumba iliyonse, amaboola kondomu, ndipo Vaseline amakanirira m'kati n'kuyambitsa matenda. Sopo wonunkhira ndi kutsuka m'kati zimaonjezera kuuma. Minofu ya m'chiuno imalimbitsidwa ndi masewera amene dokotala Arnold Kegel anafotokoza mu 1948: kumanga ngati ukugwira mkodzo, kuwerenga mpaka zisanu, kumasula, kubwereza kakhumi, katatu patsiku, kwa miyezi itatu. Munthu angachite ali pa mtondo kapena pa benchi la kutchalitchi, palibe angadziwe. Koma amene minofu yake ndi yokungika kale ndi ululu afunika kuphunzira kumasula, osati kumanga.

Kuuma kukakhala kwakukulu, mankhwala ake enieni ndi esitirojeni wopaka kapena woika kumaliseche. Mlingo wake ndi wochepa, wolowa m'magazi ndi wochepetsetsa, ndipo pakatha milungu ingapo khungu limayamba kubwerera mwakale. Ndi wosiyana ndi mahomoni akumwa amene dziko linachita nawo mantha mu 2002, kafukufuku wa Women's Health Initiative atasonyeza kuti mtundu wina ukuonjezera khansa ya m'mawere ndi kuundana kwa magazi. Ngakhale akumwawo, madokotala lero amati kwa mayi wosakwana zaka 60 amene kutentha thupi kukumusautsa ndipo alibe zoletsa, ubwino wake umatha kuposa zoopsa zake. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere asayambe mtundu uliwonse asanakambirane ndi dokotala. Za tesitositeroni, mabungwe a madokotala a maiko osiyanasiyana anagwirizana mu 2019 kuti ntchito yake yotsimikizika mwa amayi ndi imodzi, ya chilakolako chimene chazimiratu mwa amene anasiya kusamba, ndipo pa mlingo waung'ono woyang'aniridwa. Viagra, amene anatuluka mu 1998 n'kusintha nkhani ya abambo, sanaonetse phindu lotere kwa amayi ambiri. Timabotolo ndi timapaketi ta "mphamvu" timene timadutsa m'malire kuchokera ku Tunduma ndi ku Nakonde n'kumagulitsidwa pa msika, palibe amadziwa zili m'katimo, ndipo kwa munthu wa BP ndi juga.

Vuto n'lakuti zinthu zothandizazi zili kutali. Pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, esitirojeni wopaka si mankhwala opezeka wamba. Wochokera ku Nthalire, ku Wenya kapena ku Kameme ayambe wafika pa boma, ndipo dokotala wa matenda a amayi amakamupeza ku Mzuzu Central Hospital, ulendo wa makilomita oposa 300 kudzera ku Karonga. Ndani angagulitse thumba la chimanga kuti akanene kwa mwamuna wachilendo, wamsinkhu wa mwana wake, kuti sakufika? Chimene chingatheke lero lomwe n'chakuti namwino amene akuyeza BP ya mayi wa zaka 50 awonjezere funso limodzi chitseko chili chotseka: "Nanga kunyumba ndi abambo, palibe chikukuwawani?" Amayi ambiri sangayambitse nkhaniyi, koma akafunsidwa mwaulemu amayankha.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira manyazi. Magazi alionse otuluka patatha chaka mayi atasiya kusamba, magazi otuluka mukatha kugonana, chikazi chonunkha, chilonda kapena chotupa kumaliseche, ululu wa m'kati mwa chinena: izi si za ukalamba. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri padziko lonse, ndipo imagwira kwambiri msinkhu womwewu. Likodzo nalo, kwa amene anakulira m'madambo a mpunga kapena kunyanja, limatha kukhazikika m'ziwalo zoberekera n'kumayambitsa ululu ndi magazi pogonana. Ndipo msambo ukangodumpha miyezi itatu si kuti kubereka kwatha. Alangizi a zakulera amati wopitirira zaka 50 apitirize kulera kwa chaka chimodzi chisiyireni kusamba, wosakwana 50 kwa zaka ziwiri.

Mayi wa ku Misuku uja ndinakumana nawonso mu October, khofi atatha, pa maliro a m'mudzi woyandikana. Tinali kuseri, tikutsuka mbale. Anandiuza kuti shuga anakayezetsa, alibe, ndipo khomo la chiberekero analipima, lili bwino. Mafuta oterera aja anawatumizira mwana wawo wamkazi wa ku Mzuzu, atamunamiza kuti ndi a mnzawo. Chovuta chinali kuwauza abambo. Anadikira tsiku limene analandira ndalama za khofi, anawaphikira nkhuku, mdzukulu anamutumiza kukagona kwa amayi ake. Abambowo atamva anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati nkhaniyi yamveka kwa wina aliyense. Atatsimikiziridwa kuti ayi, anati iwonso chaka chonsechi amaopa kuti mkazi wawo wazindikira zoti mphamvu zikuwachepera, n'chifukwa chake ankafulumira.

"Ndiye pano mukufika?" ndinafunsa.

Anayang'ana uku ndi uku, n'kuviika mbale ina m'beseni. "Kawiri," anatero. "Koma kuwawa kuja kunatha. Tapatseni sopoyo, mlamu."